Mgolo Wotsiriza wa Bambo Natori

Katsunuma, Japan
9 Malichi 1975

Achimwene Takeharu,

Kuzizira kwayamba kuchepa kuno, ngakhale m'mapiri mudakali mbuu. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Tereza ndi ana muli bwino ku Brazil kumeneko. Ife tilipo, kungoti nyumba yakula.

Telegalamu yanu inafika tsiku la maliro, ndipo bambo aang'ono a Gisaburo anaiwerenga pamaso pa anthu. Kuchokera apo mwangoti zii. Lembaniko, achimwene, ngakhale mizere iwiri, tidziwe kuti mukudya.

Bambo anatisiya mwakachetechete. Musayembekeze kuti anasiya mawu aakulu, mukuwadziwa. Tsiku lomaliza anandikoka dzanja, ine n'kuwerama poganiza kuti akufuna kutchula dzina lanu. Iwo amvekere, "Fumie, umuuze mwamuna wakoyo asamatseguletsegule mgolo wapakona uja, sunakhazikike." Basi, mawu awo anali omwewo.

Mgolo umenewo ndi umene ndikulembera. Ndi vinyo wofiira wa mphesa za chaka chatha, wotsiriza amene bambo anafulula ndi manja awo. Wina yense anatha, watsala yekhayo. Alamu anu a Shozo analawa dzana ndipo akuti wakhazikika, tiutsanulira m'mabotolo aakulu aja mwezi wamawa. Akutinso bambo sanapangepo wabwino chotere, koma paja amuna angawa satha kunena choipa cha bambo ngakhale ali m'manda.

Inu ndinu mwana woyamba, ndiye gawo lalikulu ndi lanu. Tiuzeni, titumize kapena tikusungireni?

Ndine mlongo wanu,
Fumie

Assai, Brazil
27 Malichi 1975

Fumie, mlongo wanga,

Kalata yako yafika ndipo yatipeza tili bwino. Kuno mvula ikutha, khofi wayamba kufiira m'munda. Undiperekere moni kwa bambo aang'ono ndi kwa alamu.

Undikhululukire kukhala chete. Ndinkati ndikagwira cholembera, dzanja linkakana.

Nkhani ya mgolo yandisowetsa mtendere. Chichokereni kwathu sindinalawepo vinyo wa bambo, ndipo zaka zimenezo zikuyandikira makumi awiri. Kuno kuli vinyo, inde, koma amene amafika kwathu kuno ndi wotsekemera ngati zakumwa za ana, ukamwa milomo imamatirira. Anzanga amakonda kachasu wa nzimbe amene amangowotcha pakhosi osasiya nkhani iliyonse. Ndikawauza za vinyo wathu amandiseka. Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Iwe Natori, wosatsekemerayo ndiye umamumwera chiyani? Si bwino kungomwa mankhwala a malungo?" Mpaka lero zimandiwawa.

Ndikanamuuza bwanji? Vinyo wa bambo sanyengerera munthu. Kapu yoyamba imakumanga m'kamwa, umachita tsinya ngati waluma chipatso chosapsa. Ukapirira, n'kuika m'kamwa maungu otentha a mu hoto, msuzi wakwathu uja, n'kumwanso, pamenepo ndi pamene amakutsegulira khomo. Umamva fungo la dothi la kumunda kwathu mvula itangogwa kumene, ndipo m'kamwa mumatsala mwayera, mukufuna china. Ndimaona bambo atakhala pakhonde, matope ali kumiyendo, akuthira m'kapu yawo ya tiyi yobenthuka ija, akuti, "Shuga ndi wobisira manyazi a mphesa zoipa." Fumie, pena ndimadzuka kukoma kwake kuli pa lilime.

Koma za gawo langa usavutike nazo. Ine ndinachoka, ndinasiyira bambo munda ndi migolo, sindinadulirepo mpesa ndi umodzi womwe. Ndingalandire ndi manja ati? Imwani inuyo amene munakhetsa thukuta.

Ndine mchimwene wako,
Takeharu

Katsunuma
14 Epulo 1975

Achimwene,

Mapichesi achita maluwa chigwa chonse. Tili bwino, ndipo takondwa kumva kuti khofi wabereka.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Tsamba lathunthu mukutamanda vinyo mpaka ine ludzu kundigwira, kenako m'mizere itatu mukukana. Ine ndimakudziwani, achimwene. Ndinu omwe aja munakana makeke kwa azakhali ku Kofu, manja pamaondo, mukuti mwakhuta, kenako n'kulira njira yonse pobwerera chifukwa azakhali sanabwereze kufunsa. Nthawi imeneyo munali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pano muli ndi imvi.

Ndikudziwa kuti munthu wamakhalidwe salandira chinthu akangopatsidwa koyamba. Amayi anatiphunzitsa tonse awiri. Koma mwambo umenewo unapangidwira anthu okhala pamphasa imodzi, woti wina akakana, mnzake amakankhanso mbale nthawi yomweyo. Ife mbale yathu imayenda milungu iwiri kupita, milungu iwiri kubwera. Mukafuna kuti ndikunyengerereni katatu, chilimwe chitipeza tikadagwadirana.

Vinyo tatsanulira m'mabotolo sabata yatha. A Shozo aika mabotolo anu padera pansi pa nyumba pozizira, ndipo amangirira kansalu kofiira pakhosi pa botolo lililonse kuti wina asalakwitse. Munthu wamkulu kumagwada mumdima akumanga timaliboni chifukwa cha inu.

Ndiye ndikufunsanso kachiwiri, mwaulemu wonse: titumize kapena tisunge? Yankhani ngati mukuyankha mlongo wanu, osati mlendo.

Fumie

Assai
21 Meyi 1975

Fumie,

Moni nonse kumeneko. Ndachedwa kuyankha chifukwa tayamba kuthyola khofi, ndipo dzuwa likamalowa msana umakhala utatheratu. Ana ali bwino, wamkulu wayamba kundiposa msinkhu.

Pakamwa pako sipanasinthe, ndaona. Nkhani ya makeke ija ukanaisiya igone.

Ndathokoza kwambiri chifukwa cha mtima wako, ndiponso chifukwa cha timaliboni ta alamu. Koma taganiza bwino, mlongo wanga. Pamaliro a bambo ine kunalibe. Bokosi lawo ananyamula ndi anansi, dzenje anakonza ndi anansi, amene anakhala nawe masiku onse aja ndi anansi. Ngati pali anthu oyenera kumwa vinyo wotsiriza wa Natori, ndi iwowo. Gawo langa liperekedwe kwa iwo pa mwambo woyamba wa Obon, pamene mzimu wa bambo udzabwere kudzaona nyumba yawo. Ine ndidzakhuta ndi kumva kuti anthu anamwa n'kuwakumbukira.

Komanso nyumbayo tsopano ili ndi mwini wake, amene analowa ukamwini n'kutenga dzina lathu pamodzi ndi makiyi a mosungira migolo. Sindikufuna kuti anthu azinena kuti wothawa uja watulukira pogawana za malemu.

Undiuzeko, kodi mtundu wake watuluka bwanji chaka chino? Wakuda ngati wa chaka chimene ndinkachoka, kapena wowala? Nanga fungo? Ndikungofunsa chabe.

Takeharu

Katsunuma
6 Julayi 1975

Achimwene,

Tili bwino, kungoti tanyowa mpaka m'mafupa. Mvula ya chilimwe yabwera msanga, ndiye mwezi wonse wa Juni tinali pansi pa mathandala kuveka mphesa zipewa za mapepala, tsango lililonse chipewa chake, kuti zisaole. Mukukumbukira mmene khosi limapwetekera ukayang'ana kumwamba tsiku lonse? Chaka chino manja a bambo palibe, tinali awiri okha. Ndi chifukwa chake ndachedwa, ndipo sindipepesa.

"Ndikungofunsa chabe." Ha! Mtundu wake ndi wakuda, fungo lake ndi labwino, ndipo mukuufuna mpaka misozi. Manyazi anapha Lambe, achimwene.

Tsono mwadziputira nkhani. Kalata yanu ndinaiika paguwa la makolo kuti bambo aone nzeru za mwana wawo. Bambo aang'ono a Gisaburo atabwera kudzafukiza lubani anaiona, ndipo mukudziwa kuti pepala lililonse lotseguka iwo amaliyesa lawo. Anawerenga ataimirira, kenako anayamba kupukuta m'maso.

"Mwana uyu! Mtima wa mkulu wanga weniweni! Fumie, iyi ndikaiwerenga pa Obon, mudzi wonse umve."

Ine ndinati, "Bambo, musafulumire. Achimwene akungokana mwaulemu, mumtima akuufuna."

"Iwe, ukundiphunzitsa kuwerenga? Munthu wakana kawiri, walemba ndi inki, watchula ndi tsiku lomwe. Ukufuna alembe ndi magazi?"

Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya. A Shozo anali pomwepo, koma mukudziwa kuti pamaso pa bambo aang'ono satsegula pakamwa. Komanso anali atawerenga mzere wanu wa makiyi uja. Anangopita kumunda osadya. Munthu amene anasamalira bambo athu mpaka kuwasambitsa, inu n'kumulasa ndi cholembera muli kutsidya kwa nyanja. Zinandinyansa kwambiri.

Tsopano tamverani. Aka ndi kachitatu, mwambo wakwana, palibe amene anganene kuti munalandira mwadyera. Lembani mawu amodzi okha akuti "tumizani," kalatayo ifike Obon asanakwane pa 13 Ogasiti, ndipo ine ndikailanda kalata inayo m'thumba la bambo aang'ono ngakhale atanditukwana. Mukakhala chete, ndilibe chowaletsera.

Fumie

Assai
10 Ogasiti 1975

Fumie, mlongo wanga,

Sindikudziwa ngati nyuzi za kuno zimafika kumeneko. Tili moyo tonse, koma khofi wapita.

Pakati pa Julayi kunagwa chisanu chimene ngakhale nkhalamba za kuno sizinachionepo. Tinadzuka m'mawa munda uli bwinobwino, wobiriwira. Pofika masana masamba onse anali atada ngati wina wadutsa ndi moto. Ndinathyola nthambi, mkati mwake munali mwakuda. Mitengo imene ndinabzala ndi manja anga chifikireni kuno, yonse, ndi ya anansi omwe. Tereza anangokhala pansi pakati pa munda.

Patapita masiku ochepa ndinakwera basi kupita ku São Paulo kwa mchimwene wake wa Tereza, amene amagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, kukaona ngati angandipezere chochita. Ndabwerako dzulo. Kalata yako ndaipeza kusitolo kumene timalandirira makalata, inakhala pamenepo nthawi yonseyi pansi pa chitini cha sopo.

Mzere wa makiyi uja ndinalakwitsa, uwauze alamu.

Popeza waumirira kachitatu, sindingakuchititsenso manyazi. Ndavomera. Tumizani. Ndikudziwa kuti kalatayi ifika Obon atadutsa pang'ono, koma iwe ukundidziwa, ndipo ndikhulupirira kuti wabisako anga. Ndikuuze zoona, Fumie, m'basi muja njira yonse sindinkaganiza za khofi. Ndinkaganiza zoti kwathu kuli mabotolo a timaliboni tofiira akundidikira, ndipo zimenezo ndi zimene zinandigwira kuti ndisagwe. Mutumize onse ngati n'kotheka.

Takeharu

Katsunuma
18 Ogasiti 1975

Alamu olemekezeka,

Ndine Shozo. Kutentha kwafika pachimake kuno, ndikhulupirira kuti inu ndi banja lonse muli bwino. Mayi a kunyumba atopa ndi alendo, ndiye andiuza kuti ndilembe ineyo. Sindine wodziwa kulemba, mundikhululukire.

Obon woyamba wa bambo wayenda bwino. Tinayatsa moto pachipata kuwalandira, wansembe anabwera, ndipo anthu anadzaza nyumba mpaka ena anakhala pabwalo. Tinadikira kalata yanu mpaka tsiku lomaliza. Mayi a kunyumba anapita okha kupositi kawiri. Itapanda kubwera, tinachita monga munalamulira.

Bambo aang'ono anaimirira n'kuwerenga mawu anu. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analira. Kenako ndinatulutsa mabotolo anu. Ena tinamwa pomwepo m'makapu a tiyi, otsalawo tinagawira nyumba iliyonse imene inathandiza pamaliro, botolo limodzilimodzi. Athu ifenso tinawatsegula, chifukwa sizikanaoneka bwino kuti inu mupereke zonse ife n'kuumira. Mgolo wa bambo watha wonse, ndipo watha mwaulemu.

Vinyoyo anali wabwino, alamu. Akulu ena amene samwa kawirikawiri anapempha kapu yachiwiri. Mmodzi anati akumva ngati bambo alowa m'chipindamo n'kuyamba kukalipira anthu. Ndinalakalaka mukanakhalapo.

Mudzi wonse ukutamanda dzina lanu. Ine ndikuthokoza chifukwa cha phunziro limene mwatipatsa.

Ndine mlamu wanu,
Shozo

Assai
3 Sepitembala 1975

Fumie,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino.

Ndalandira kalata ya amuna ako. Akundithokoza chifukwa cha phunziro! Ndaiwerenga nditaimirira m'sitolo, mwini sitolo n'kundifunsa ngati kwagwanso maliro ena. Ndinamuuza kuti inde.

Onse, Fumie? Osasiyako ngakhale limodzi? Iwe wemwe unalemba ndi dzanja lako kuti ndikuufuna mpaka misozi. Unkadziwa. Bambo aang'ono ndi okalamba, alamu ndi munthu womvera, koma iwe unkadziwa, ndipo unaima pamenepo n'kumaonerera mudzi wonse ukumeza gawo langa. Botolo limodzi likanakulemera kulibisa kuseri kwa mtsuko wa ndiwo zoviika? Ndani akanawerenga?

Kodi unamvapo kuti munthu akati "musavutike" ndiye kuti watsanzika? Tinakulira nyumba imodzi. Mawu aja anali chovala chabe, iwe unayenera kuona munthu amene wavala. Kapena kukhala ndi mkamwini kwakuiwalitsa mmene a Natori timalankhulira?

Munda wanga wapsa, ndikukanyamula makabichi a mlamu wanga ngati mnyamata, ndipo chinthu chimodzi chimene chinatsala cha bambo anga chamwedwa ndi anthu amene ena a iwo amathiramo shuga. Ndikuwadziwa! Tokuji wometa uja ankathira shuga bambo akuona. Iyeyo walawa, ine ayi.

Anthu akuomba m'manja. Ndiwauze ana anga kuti agogo awo anawasiyira m'manja?

Takeharu

Katsunuma
19 Sepitembala 1975

Achimwene,

Tili bwino, tayamba kukolola. Za khofi wanu zandimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndinalira nditawerenga. Zimenezo ndanena, tsopano ndinene zinazo.

Kalata yanu yovomera inafika patatha sabata Obon atadutsa, mabotolo tikutsuka. Pakadafunda padajiwitsa galu. Chisanu sindikuimbani nacho mlandu, koma chisanu chinagwa mu Julayi, pamene ine ndinakufunsani mu Malichi. Mukanati "inde" nthawi imeneyo, bwenzi vinyo mutamwa kale munda usanapse.

Mukuti ndikanabisa limodzi. Ndinaganizapo. Koma bambo aang'ono anatsika limodzi ndi a Shozo pansi pa nyumba kukatenga, ndipo timaliboni tija tinawasonyeza bwinobwino kuti anu ndi ati. Komanso ndinali nditatopa, achimwene. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumasulira anthu a m'nyumba muno. Bambo akati "sindikumva njala" ndiye kuti phika. Akati "usaitane dokotala" ndiye kuti thamanga. Ndinaganiza kuti atapita ndipuma, koma ndi uyu mwana wawo akundilembera miyambi kuchokera ku Brazil. Tsiku limenelo ndinati, mwina munthu mmodzi m'banja muno wanena zimene akutanthauza. Ndinalakwitsa.

Tsono mverani zimene mwandichititsa. Ndayenda khomo ndi khomo kupempha kuti andibwezere mphatso. Inu mukudziwa kuti zimenezo sizichitika. Ngakhale wamisala sabwerera kukatenga chimene anapereka pa mwambo wa maliro. Ndinavala zovala zabwino, ndinanyamula mphesa zoyamba m'dengu, ndipo pakhomo lililonse ndinawerama mpaka mutu kufuna kugunda pansi. Kulikonse anali atamwa kale. Mayi ena anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kalanga ine, mukananena kuti ndi wobwereka, bwenzi titangonunkhiza."

Nyumba yomaliza inali ya a Tokuji anu omwewo. Ndinawapeza akumeta munthu, ndipo sanaimitse n'komwe lumo.

"Botolo la malemu? Lilipo, silinatsegulidwe. Ine vinyo wa bambo ako amandikwinyitsa nkhope ngati ndamva za msonkho. Ndimadikira shuga atsike mtengo."

Ndinawafotokozera zonse, wometedwayo ali tcheru, thovu lili kumasaya.

"Tadikira, mwana wanga. Takeharu yemwe uja wa kalata? Amene tinamuombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa? Ndiye akufuna chiyani, timubwezerenso m'manjamo?"

"Botolo lokha, bambo."

"Tenga, lili kuseri kwa galasi. Koma umuuze kuti akadzabwera adzamete kuno, ndidzamufunsa katatu ngati akufuna ndimusiyire makutu."

Pofika madzulo nkhani inali itafika mpaka kusiteshoni. Bambo aang'ono anabwera atakwiya, akuti ndavula banja pagulu, ndipo mpaka lero sakundilankhula. Dzina lanu labwino lija latha, langa latha nalo.

Botolo lili m'manja mwanga. A Shozo akuti tisatumize. Akuti vinyo wa bambo alibe mankhwala omulimbitsa, chitsekerero chake ndi chachitsulo wamba, ndipo miyezi iwiri m'mimba mwa sitima yodutsa m'nyanja zotentha imupha. Akuti kuli bwino adikire pansi pa nyumba. Mwina akunena zoona. Koma ndikakufunsani muyambanso kugwada, ndiye sindikufunsani. Ndalikulunga m'bokosi la utuchi ndipo lanyamuka dzana kupita kudoko la Yokohama. A Shozo ndi amene anakhoma bokosilo, akupukusa mutu, koma analikhoma bwino.

Za ukamwini musadzazitchulenso.

Fumie

São Paulo
14 Disembala 1975

Fumie, mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa alamu, ndi kwa bambo aang'ono ngati ayamba kulandira moni. Ona keyala yatsopano pamwambapa, tasamukira m'tauni. Tikukhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Tili bwino.

Bokosi lafika Lachinayi, botolo silinasweke. Ndinayamba kukulembera kalata ina yonena kuti vinyo wafika bwino, ndi wokoma, ndathokoza kwambiri. Ndaing'amba. Wandiuza kuti watopa kumasulira, ndiye nazi zoona zake.

Wasasa, Fumie. Alamu ananena zoona.

Ndinadikira Lamlungu. Ndinasamba, ndinavala malaya oyera, ndinaika chithunzi cha bambo patebulo, ndinaitana ana kuti aone. Tereza anaphika maungu. Nditatsegula, fungo linadzaza chipinda, ndipo wamng'ono anagwira mphuno n'kuti, "Ababa, ameneyu ndiye vinyo mumatiuza uja?" Mtundu wake unali ngati dzimbiri. Ndinathira m'kapu ya tiyi n'kumwa. Anali viniga weniweni, woti misozi imatuluka yokha, ndiye palibe amene anadziwa kuti ina inali yanga. Ndinamwanso kachiwiri, ndikufunafuna bambo pansi pa kuwawasako. Kumapeto kwenikweni, nditameza, kunabwera kafungo ka dothi kaja, pang'ono pokha, n'kuzimiririka. Mwinanso ndinangoganiza.

Tereza anati titha kuviikamo ndiwo kuti asatayike. Ndinamukalipira, kenako ndinamupatsa. Madzi akatayika saoleka.

Ndakwiya, ndipo ndilibe woti ndimukwiyire. Ndayesa iwe, ndayesa bambo aang'ono, ndayesa sitima, koma mkwiyowo ukungobwerera kwa ine. Unawerama pakhomo lililonse m'mudzi chifukwa ine ndinalephera kulemba mawu amodzi. Pepa, mlongo wanga. Uwauze alamu kuti ndapepesa, ndipo si chovala ayi.

Tsopano ndikupempha, ndipo ndikupempha poyera. Wa bambo wapita. Koma mipesa ndi yomweyo, migolo ndi yomweyo, ndipo alamu anaphunzira kwa iwo. Ndikufuna vinyo wa alamu wa chaka chino. Musatumize, adzasasanso. Mundisungire botolo limodzi pansi pa nyumba. Sindikudziwa kuti ndidzakwanitsa liti ulendo, kabichi salemeretsa munthu msanga. Koma ndikulifuna.

Ndine mchimwene wako,
Takeharu

Katsunuma
4 Januwale 1976

Achimwene,

Chaka chino sitipatsana mafuno a chaka chatsopano poti tidakali pachisoni, ndiye ndingoti tili bwino ndipo kunja kwagwa chipale.

Kalata yanu ndaiwerenga kamodzi kokha, ndipo ndaimva. Sindinaiike paguwa.

A Shozo nditawawerengera anatsika pansi pa nyumba. Atabwerako anati ndikuuzeni kuti watsopanoyu watuluka wouma bwino, wopanda shuga ndi pang'ono pomwe, koma si wa bambo, musadzayembekezere bambo. Anatinso vinyo wathu si wosunga mpaka kalekale. Apirira zaka ziwiri, mwina zitatu kukazizira bwino. Kupitirira apo salonjeza, ndipo mukudziwa tsopano kuti iwo akanena za vinyo sanama.

Botolo lanu lilipo. Chipinda chanu chilipo. Za ulendo, tigawana, ndipo mukayerekeza kulemba kuti "musavutike" kalatayo ndikaipereka ndekha kwa a Tokuji aziwerengera anthu pometa.

Bwerani, achimwene. Ndakuitanani kamodzi, ndipo sindibwereza.

Mlongo wanu,
Fumie